Kodi ku msonkhano wa khonsolo amagwirizana zotani, ndipo amene amavota ndi ndani?

Moni owonera athu nonse. Lero tikambirana za msonkhano waukulu wa khonsolo, umene makhansala ndi ogwira ntchito m'boma amautchula kuti full council, kumene kumavomerezedwa bajeti ya boma lanu, malamulo aang'ono oyendetsera misika komanso mndandanda wa milatho, mijigo ndi zipinda zophunzirira zoti zimangidwe m'chaka chimenecho.

Maziko a zonsezi ndi lamulo la maboma aang'ono la 1998, limene linabwera pamodzi ndi ndondomeko imene ambiri timaidziwa ndi dzina loti mphamvu ku anthu. Makhansala oyamba pansi pa lamuloli anasankhidwa mu 2000, koma nthawi yawo itatha mu 2005 chisankho china sichinachitike, ndipo makhonsolo anayenda opanda makhansala mpaka pa chisankho cha patatu cha mu Meyi 2014. Zaka zimenezi zinasiya chizolowezi chimene chidakalipo m'maboma ena, choti nkhani zikuluzikulu zimathera mu ofesi ya bwanamkubwa, makhansala n'kudzangozimva zitapsa kale.

Mukalowa mu holo ya msonkhano mudzapeza anthu ambiri, koma si onse amene ali ndi voti. Makhansala, amene aliyense amaimira wodi yake, ndiwo eni ake a msonkhanowu, ndipo amasankha wapampando pakati pawo, kapena meya ngati ndi khonsolo ya mzinda monga Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Mafumu akuluakulu amakhala nawo ndipo mawu awo amalemera, koma savota. Chimodzimodzinso anthu 5 amene amaimira magulu apadera monga amayi, achinyamata ndi anthu olumala. Bwanamkubwa nayenso savota, chifukwa iye ndi mkulu wa ogwira ntchito amene udindo wake ndi kulangiza khonsolo ndi kukwaniritsa zimene yagwirizana.

Nkhani imene yakhala ikuvuta ndi ya aphungu a Nyumba ya Malamulo. Pamene lamuloli linasinthidwa mu 2010, aphungu anapatsidwa mphamvu yovota m'makhonsolo, kotero kuti munthu yemweyo amene amavomereza ndalama ku Lilongwe ndi kuyang'anira mmene zagwirira ntchito, ankakhalanso pa tebulo pamene ndalamazo zikugawidwa m'boma lake. Bungwe la makhonsolo la MALGA linatengera nkhaniyi kukhoti, ndipo mu Meyi 2025 khoti lalikulu, litakhala ngati khoti loona za malamulo oyendetsera dziko, linagamula kuti kuvota kwa aphungu m'makhonsolo ndiponso kuyendetsa kwawo thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu la CDF n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Ifeyo tikuona kuti mfundo ya oweruzawo ndi yomveka, pakuti n'kovuta kuti munthu afufuze moona mtima ndalama zimene iye mwini anagawa nawo.

Komabe, amene amadikira tsiku la msonkhano waukulu kuti akanene zosowa za kwawo amakhala atachedwa. Msonkhanowu umachitika kawirikawiri kamodzi pa miyezi 3 iliyonse, ndipo zimene zimafika pamenepo zimakhala zitadutsa kale m'makomiti a khonsolo, monga ya zachuma, ya maphunziro, ya zaumoyo ndi ya zomangamanga, momwe muli makhansala ochepa ndi akatswiri a mu ofesi ya bwanamkubwa. Pempho la mjigo liyenera kuyambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, imene imagwira ntchito m'dera la gulupu, kenako lipite ku komiti ya chitukuko ya ADC, imene imaona dera lonse la mfumu yaikulu, ndipo likapambana pamenepo limalowa mu pulani ya chitukuko cha boma lonse. Pulojekiti imene mulibe mu pulani imeneyi imavuta kuipezera ndalama, ngakhale khansala atailankhula mokweza chotani. Popeza chaka cha boma cha zachuma tsopano chimayamba pa 1 Epulo, zokambirana za bajeti zimachitika miyezi ingapo tsikuli lisanafike, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yofunsa khansala wanu ngati pempho la mudzi wanu lalowamo.

Misonkhano ya khonsolo ndi yotseguka kwa anthu wamba ndi atolankhani, pokhapokha khonsoloyo itagwirizana kuti nkhani inayake ikambidwe mwachinsinsi. Mukapita mudzakhala kumbali n'kumamvetsera, popanda kulankhula kapena kuvota. Ngati simunathe kupita, lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma, limene linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, limakulolani kulemba kalata ku ofesi ya bwanamkubwa yopempha maminitsi a msonkhano ndi bajeti imene inavomerezedwa, momwe mudzaone ndalama zimene zinaikidwa pa pulojekiti iliyonse ya m'wodi yanu.