Achimwene, za mwala wa jade uja dikirani kaye

Achimwene, mwaswera bwanji kumeneko? Kuno ku Guangzhou, ku China, kwada kale, koma ndati ndisagone ndisanakuyankheni za mwala wosema uja mwanditumizira chithunzi chake. Chonde ndalama ya ku banki m'khonde musaikhudze kaye. Mundimve mpaka ndimalize.

Wogulitsayo akuti ndi jade wa nthawi ya mafumu a Han, eti? Apo ndi pomwe mtima wanga wakana. Jade alipo wa mitundu iwiri. Wina ndi nephrite, amene Matchaina akhala akusema kuyambira kalekale, ndipo wabwino kwambiri amachokera ku Hotan, m'chigawo cha Xinjiang. Amakhala woyera, kapena wobiriwira moderako. Winayo ndi jadeite, wobiriwira mowala uja, wochokera ku Myanmar. Ameneyu anayamba kufala kuno m'zaka za m'ma 1700, pomwe ufumu wa Han unatha m'chaka cha 220. Wanuwo pachithunzi ukuoneka ngati jadeite. Ngati ulidi jadeite, nkhani ya Han yathera pomwepo.

Mukakumana naye mawa, muugwire mwalawo. Jade amalemera kuposa mmene maso akuganizira, ndipo mukamugunditsa patsaya amazizira, satentha msanga ngati pulasitiki ayi, amatenga nthawi. Muwalitse tochi ya foni kumbuyo kwake. Mukaona timathovu ta mpweya m'kati, limenelo ndi galasi. Mukaona kuti kubiriwirako kwaunjikana m'ming'alu, anauthira utoto. Mwiniwake akalola, mukande pang'ono ndi mpeni pansi pake, pobisika. Jade weniweni mpeni sumulowa.

Koma achimwene, ngakhale utapambana zonsezo, sindiye kuti ndi wakale. Apa ndi pomwe anthu amalirira. Kuno pamsika wa Hualin jade weniweni ali milumilu, wosemedwa chaka chino chomwe. Amisiri akale ankapera mwala pang'onopang'ono ndi mchenga wolimba ndi madzi, mwina miyezi, ndiye m'mizere mumakhala mosalala. Makina a magetsi amasiya m'mbali mwa mzere mutathetheka, koma kuti muone zimenezo pamafunika galasi lokulitsira zinthu ndi diso lozolowera. Ndipo alipo akatswiri okalambitsa miyala: amauviika mu asidi, kuupaka utoto wofiirira, kuukwirira m'dothi, ukamatuluka ukuoneka ngati wafukulidwa kumanda a mfumu.

Satifiketi akukuonetsaniyo isakunamizeni. Ngakhale ya NGTC, bungwe lodziwika loyeza miyala kuno, imangonena mtundu wa mwala ndiponso ngati anauthira mankhwala. Zaka sinena.

Mumufunse kuti mwalawo unatuluka bwanji m'China. Lamulo la kuno sililola kuti zinthu zakale zopangidwa chisanafike chaka cha 1911 zituluke m'dziko. Ndiye ngati akuti anabwera nawo posachedwa, mwina si wakale, mwina unatuluka mozemba, ndipo zonse ziwirizi vuto lidzakhala lanu. Mtengo wa zinthu zoterezi umayenda ndi mapepala: anali wa ndani, anagula kuti, chaka chanji. Wopanda mbiri ogula akuluakulu amauopa.

Chitani izi. Muujambule masana, mbali zonse ndi pansi pomwe, pambali pake muike lula. Muuyezenso pasikelo ya magalamu. Munditumizire, ine nditumiza ku Bonhams kapena Christie's, makampani ogulitsa zinthu zakale pa okishoni, amaona zithunzi n'kupereka maganizo awo osalipiritsa. Akakana kuti muujambule, kapena akamati pali wina akuufuna lero lomwe, musiyeni apite nawo.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Mayi muwauze ndiwaimbira Lamulungu.