Musanadzibaye Jakisoni wa Shuga Kapena Wochepetsa Thupi, Dziwani Amene Wausakaniza

Zikomo a tcheyamani, zikomo amayi ndi abambo nonse. Ndikudziwa kuti nsima ikudikira kukhitchini uko, koma mundipatseko kanthawi, chifukwa nkhaniyi yandilemera mumtima kwa miyezi ingapo. Ambiri mukundidziwa kuti ndine namwino, ndipo ntchitoyi ndaigwira zaka zambiri kuno ku South Bend, m'boma la Indiana ku America.

Usiku wina mayi wina wa kwathu konkuno, dzina sinditchula, anandiimbira foni akulira. Anali atasanza kuyambira masana, ngakhale madzi osakhazikika m'mimba. Nditafika ndinawafunsa kuti amwa chiyani. Anatsegula firiji, natulutsa kabotolo kakang'ono ngati chala chachikulu, kali pakati pa mazira ndi mkaka wa ana. Pakabotolopo panalibe dzina la famase, panalibe dzina lawo, panalibe tsiku lotha ntchito. Anangoti anaona pa intaneti, analipira pafoni, ndipo patapita masiku 5 phukusi linafika. Tinathamangira nawo kuchipatala usiku womwewo, anawaika madzi, ndipo lero ali bwino. Koma mpaka pano palibe amene akudziwa chomwe chinali m'kabotolo kaja.

Mankhwala amene tikunenawa mwawamva. Pali semaglutide, amene kampani ya Novo Nordisk ya ku Denmark imagulitsa ndi mayina a Ozempic ndi Wegovy. Ozempic anavomerezedwa mu 2017 kwa odwala shuga, Wegovy mu 2021 kwa ofuna kuchepetsa thupi. Palinso tirzepatide, wa Eli Lilly ya ku Indianapolis m'boma lathu lomwe lino, amene amatchedwa Mounjaro ndi Zepbound. Amathandiza thupi kutulutsa insulin shuga akakwera, amachedwetsa chakudya kutsika m'mimba, ndipo amachepetsa njala. Ndi mankhwala abwino, ndaona ndi maso anga anthu amene shuga wawo anali wosamva akutsika. Vuto ndi mtengo. Popanda inshuwaransi, mtengo wolembedwa unkafika madola 1,000 kapena kupitirira pa mwezi. Ndani wa ife, wotumiza fizi ndi ndalama ya feteleza kumudzi, angakwanitse?

Apa ndi pamene pabwera zimene kuno amati compounding pharmacy. Awa ndi mafamase osakaniza mankhwala okha. Ntchito imeneyi si yachilendo ndipo si yachinyengo ayi. Mwana amene sangameze piritsi amamupangira amadzi. Munthu amene thupi lake limadana ndi utoto wina wa m'mankhwala amamupangira opanda utotowo. Mu 2022 Ozempic ndi anzakewo atayamba kusowa, lamulo linalola mafamase amenewa kupanga ofanana nawo kuti odwala asasowe pogwira. Ndiye malondawo anakula ngati moto wa m'tchire mwezi wa October, ndipo pakati pa oona mtima panalowanso akamberembere.

Chimene ndikufuna mupite nacho kunyumba ndi ichi: mankhwala osakanizidwa ku famase savomerezedwa ndi FDA, bungwe la boma la America loyang'anira zakudya ndi mankhwala. A FDA sawaunika kaye asanafike m'manja mwanu monga amachitira ndi Ozempic wa kufakitale. Chitetezo chanu chonse chili pa ukhondo ndi chilungamo cha amene wasakanizayo.

Amene munali kale kuno mu 2012 mukumbukira. Famase ina ya ku Framingham ku Massachusetts, New England Compounding Center, inatumiza jakisoni wa ululu wa msana amene munalowa nkhungu. Anthu opitirira 750 anadwala, ambiri matenda oumitsa khosi, ndipo 64 anamwalira malinga ndi kuwerenga kwa nthawi imeneyo. Michigan, mtunda wa mphindi zochepa kuchokera pano, ndi imene inakhudzidwa kwambiri, ndipo Indiana nayo inalira maliro. Anthu amenewo sanagule m'tchire. Anabayidwa m'zipatala zenizeni. Jakisoni amadutsa khungu n'kulowa m'thupi, choncho kachirombo kakang'ono kamene m'mimba kakanafa ndi asidi, kumeneko kamapeza pogona.

Chifukwa cha ngoziyo, mu 2013 anakhazikitsa lamulo logawa mafamase amenewa pawiri. Ena amatchedwa 503A. Awa amasakaniza mankhwala a munthu mmodzi, potsatira kalata ya dokotala yokhala ndi dzina la munthuyo, ndipo amayang'aniridwa makamaka ndi Board of Pharmacy, bungwe loyang'anira mafamase m'boma limene alimo. Ena ndi 503B, amene amapanga ambiri nthawi imodzi, amalembetsa ku FDA, ndipo a FDA amapita kukawayendera. Mndandanda wa a 503B uli poyera pa tsamba la FDA, aliyense angathe kuona.

Dziwaninso kuti zinthu zinasintha. Kumapeto kwa 2024 a FDA analengeza kuti tirzepatide sakusowanso, ndipo mu February 2025 ananena chimodzimodzi za semaglutide. Patapita miyezi yochepa chilolezo chopanga ofanana ndi a kufakitale mwachisawawa chinatha. Chotsala n'chakuti dokotala anene kuti wodwala uyu, pa chifukwa ichi, akufunika osiyana ndi a m'sitolo. Ndiye mukaona wina akugulitsa kwa aliyense ngati mandasi, dzifunseni kuti akuyendera lamulo liti.

Tsono mungadziwe bwanji famase yabwino? Yambani ndi dzina. Makampani ambiri a pa intaneti amene amakulumikizani ndi dokotala pafoni sasakaniza okha, amatumiza oda kwina. Afunseni kuti, "Famase imene ikupanga mankhwala angawa dzina lake ndani, ili mu mzinda uti?" Akayamba kuzungulira, tsekani foni. Akakuuzani, pitani pa tsamba la Indiana Board of Pharmacy mukaone ngati ili ndi chiphaso. Ngakhale ikhale ku Texas kapena ku Florida, kuti itumize mankhwala kuno iyenera kulembetsa ku Indiana. Ana athu achinyamatawa angakuthandizeni, si ntchito ya mphindi 10 n'komwe. Ngati ilinso ndi chizindikiro cha PCAB, bungwe loyendera mafamase osakaniza mankhwala, ndiye kuti inadzipereka yokha kuti anthu apadera adzaiyendere, ndipo chimenecho n'chinthu chabwino.

Famase yoona siingakupatseni popanda kalata ya dokotala. Imakhala ndi nambala imene mukaimba mumalankhula ndi katswiri wa mankhwala, munthu wamoyo. Mufunseni kuti ufa umene amagwiritsa ntchito amaugula kuti, ndipo ngati ndi semaglutide weniweni. Ndikunena izi chifukwa a FDA anachenjeza za ena amene amagwiritsa ntchito semaglutide sodium ndi semaglutide acetate, zimene si zomwe zili mu Ozempic. Ndipo mukaona pakabotolo palembedwa kuti research use only kapena not for human consumption, musabaye. Mawu amenewo akutanthauza kuti si za munthu, ndipo wogulitsayo walemba dala kuti mukavulala adzakane mlandu.

Phukusi likafika, ligwireni. Liyenera kubwera lozizira, ndi timapaketi ta ayezi tisanasungunuke. Madzi a m'botolo akhale oyera mbee, opanda tizidutswa toyandama. Pakhale dzina lanu, dzina ndi adiresi ya famase, mphamvu ya mankhwala, ndi tsiku lomaliza kugwiritsa ntchito.

Tsopano tayang'anani kuno, ndabwera ndi sirinji. Amayi akumbuyo mukuona? Iyi ndi ya insulin, ili ndi timizere kuyambira pansi mpaka 100. Ozempic wa kufakitale amabwera m'cholembera chimene mumangopotokola, muyezo wake n'kudzikhazikika wokha. Wa m'kabotolo mumakoka nokha. Muyezo woyambira wa semaglutide ndi 0.25 mg kamodzi pa sabata, kwa masabata 4. Ngati botolo lanu lili ndi 5 mg mu mililita imodzi, muyezo umenewo ndi 5 units, apa pansi penipeni, kadontho chabe. Munthu amayang'ana n'kunena kuti, "Aa, kameneka sikangagwire ntchito, mwina akunena apa," n'kukoka mpaka pa 50. Wawirikiza muyezo kakhumi. Mu 2024 a FDA anatulutsa chenjezo la zimenezi, kuti anthu ena anadzibaya kuwirikiza ka 5 mpaka ka 20, ena mpaka kugonekedwa m'chipatala. Ndipo mankhwalawa sachoka msanga, patatha sabata yathunthu theka lake limakhala likadali m'thupi. Mukalakwitsa Lamlungu, mudzavutika masiku angapo.

China n'chakuti botolo la famase ina likhoza kukhala la 2.5 mg pa mililita, ndiye muyezo womwewo umakhala 10 units. Choncho musamafunse mnzanu kuti, "Iwe umakoka angati?" Botolo lake si lanu. Dziwani muyezo wanu m'mamiligalamu, ndipo koyamba pitani nalo kwa namwino kapena ku famase akuonetseni mzere wake. Mukalakwitsa, imbani Poison Control pa 1-800-222-1222, amayankha usana ndi usiku, kwaulere.

Abambo ndi amayi a shuga, chonde musasiye metformin kapena insulin panokha poti mwapeza jakisoni watsopano. Ndipo ngati muli pa insulin kapena glipizide, kuphatikiza ndi awa kungagwetse shuga kwambiri, ndiye dokotala wanu ayenera kudziwa. Amene kubanja kwanu kuli khansa ya chithokomiro yotchedwa medullary, mankhwalawa si anu. Amayi oyembekezera ayi, ndipo amene mukufuna mwana muyenera kusiya semaglutide miyezi 2 musanayambe kuyesa. Mimba ikapweteka kwambiri ululu n'kumafika kumsana, musadikire kuti kuche.

Ndaona dzanja uko. Ee mayi, nenani. Akufunsa ngati angagule kuno n'kutumizira achemwali awo ku Lilongwe amene ali ndi shuga. Mayi, mtima wanu ndaumva, tonse tili ndi odwala kumudzi. Koma ndikupemphani musatero. Mankhwalawa amafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8 a Celsius, ndipo m'chikwama, kudutsa Addis Ababa kapena Johannesburg, kenako magetsi n'kuzima kunyumba, simungadziwe kuti afika ali bwanji. Chachikulu n'chakuti kalata ya dokotala ndi ya munthu mmodzi, wopimidwa. Achemwali anuwo sanapimidwe impso, sitikudziwa mankhwala ena amene akumwa. Ndalama yomweyo atumizireni, apite kukliniki ya shuga ku Kamuzu Central, agule kamakina koyezera shuga ndi timapepala take, ndipo mankhwala akagule ku famase yokhala ndi chiphaso cha PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala ku Malawi. Ine ndikhala patebulo ili mpaka titatha kudya. Amene muli ndi kabotolo kunyumba, mundionetse chithunzi chake pafoni, tiwerenge limodzi.