Kusaka mphete m'nyanja nthawi yachisanu

Moni nonse kulikonse kumene mukumvera. Kuno kunja chisanu chafika, osambira athawa m'nyanja, ndipo ino ndiyo nyengo imene osaka ndi makina ofufuzira zitsulo amalowa m'madzi kukafunafuna mphete zimene osambirawo anataya. Chala chikazizidwa chimaphwa, mphete n'kuvuka mwiniwake osamva. Zambiri zimagwera pomwe madzi amalekeza m'mawondo mpaka m'chiuno.

Koma abale, madzi ozizira si oseweretsa. Amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuwirikiza pafupifupi ka 25 kuposa mpweya. Akatsika pansi pa madigiri 15 Celsius, munthu ukagweramo mwadzidzidzi umabanika, n'kumeza madzi. Valani ma waders (buluku losalowa madzi lolumikizana ndi jombo) a neoprene (mphira wofewa wosunga kutentha) okhuthala mamilimita 5, ofika pachifuwa, ndipo mumange lamba m'chiuno mothina. Lambayo ndi amene amachedwetsa madzi kudzaza m'miyendo mukaterereka. M'kati muvale zaubweya, osati zathonje, chifukwa thonje likanyowa limaziziritsa. Magolovesi akhalenso a neoprene. Musapite nokha. Zala zikayamba kukanika kugwira, kapena mukayamba kunjenjemera, tulukani, ngakhale makina akulira mokoma bwanji.

Makinawo akhale osalowa madzi onse, osati koyilo yokha (kambale kakunsonga kofufuzira pansi). Makina a Garrett AT Pro ndi Minelab Equinox 800 amapirira kumira mpaka mamita atatu. Mahedifoni opanda waya amaduka mawu makina akamira, ndiye pezani a waya osalowa madzi. Musanalowe, yang'anani kamphira kotsekera madzi: kamchenga kamodzi kokha pamenepo kamalowetsa madzi. Kapukuteni, mukapake girisi wa silikoni pang'ono. Batire limatha msanga kukazizira, ndipo la lithium musalitchaje likadali lozizira pansi pa madigiri 0, limawonongeka.

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya: mphete yagolide imalira mofanana ndi zotsegulira zitini ndi tizidutswa ta aluminiyamu. Mukauza makina kuti azikana zinyalalazo, mwakananso golide. Kumbani zonse. Yendetsani koyilo pang'onopang'ono, ikukhudza mchenga. Ikalira, ikani phazi kumbuyo kwake ngati chizindikiro, musunthe koyilo, muzike chokumbira chachitsulo cha mabowo ndi mpini wautali patsogolo pa phazilo, mugwedeze mchenga utuluke. Kenako pimaninso dzenjelo musanasunthe.

Chilolezo funsani kaye kwa oyang'anira malowo, chifukwa nyanja zina n'zoletsedwa. Mphete yolembedwa dzina, yesetsani kupeza mwini wake.