Mukusamuka ndi ziboliboli? Pulasitiki ayi chonde!

Muli bwanji nonse, takulandiraninso pa tchanelo chathu! Lero tikuyankhula ndi inu amene mukusamuka nyumba muli ndi ziboliboli, kaya munagula ku KuNgoni ku Mua, kaya kwa osema a mumsewu wa Zomba kupita ku Liwonde, kaya ndi zamwala zochokera ku Zimbabwe. Dinani subscribe kaye, ndi ulere, tiyeni.

Choyamba, jambulani chilichonse pa foni mbali zonse, kuti chikafika chothyoka pasakhale kukanirana ndi a lole.

Chachiwiri, pukutani fumbi ndi kansalu kouma. Mpando wa mfumu uja ndi matabwa awiri olowetsana, sololani, lililonse likulungidwe palokha. Basi.

Chachitatu, apa ndiye pondinyansa, khalani pansi. Anthu ambiri amati ukangozinga chiboliboli ndi pulasitiki wa timatuza uja, kapena majumbo, nkumata tepi mwamphamvu ndiye kuti watha ntchito. Bodza limenelo! Mtengo ngakhale unasemedwa kalekale umayamwabe chinyezi nkumachitulutsa malinga ndi nyengo, ndiye inu mwautsekera mu pulasitiki, mwaukweza pa lole dzuwa la October likuswa mtengo, mukuganiza kuti thukuta limenelo lipita kuti? Limakhala momwemo, ndipo katoniyo ikakhala milungu ingapo osatsegulidwa mudzapeza chuku chatuwa mbuu m'mizere yonse ya tsitsi ndi m'maso. Komanso kuwala mumakukonda kuja, osema ambiri amapaka polishi wa nsapato kapena wa pansi, amene akatenthedwa amafewa, ndiye timatuza tija timadinda timadontho pankhope yonse, kuchotsa kwake mpaka kupala ndi sandipepa. Wina anena kuti koma ine changa ndi cha phingo, cholimba. Eee, phingo ndi wolemera zoti amamira m'madzi, koma khosi la nyamalikiti kapena mnyanga wa njovu ndi woonda, ukagunda pa hampu umangoti thyo! Pulasitiki saletsa zimenezo. Chimene chimathyola ndi kugwedezeka mkati mwa katoni.

Ndiye chitani chonchi. Chokhudza mtengo chikhale chitenje chakale chochapa bwino, cha kotoni. Nyuzi ayi, inki yake imadetsa mtengo woyera ndi dongo losapaka. Pakati pa miyendo, pansi pa chitamba, mokhotakhota monse, tsekani ndi tizisanza tofewa. Kenako ndiye pulasitiki wanu uja abwere pamwamba pa nsalu, momasuka, tepi isakhudze mtengo ngakhale pang'ono.

Mwa njira, amene mukufuna ndikuonetseni maso ndi maso, gulu lathu la WhatsApp lilipo, linki ili m'munsimu.

Chachinayi, katoni. Siyani mpata wa masentimita 5 kapena kuposa mbali zonse, dzazani ndi siponji kapena zovala, tsekani, gwedezani pafupi ndi khutu. Mukamva khotcho khotcho tsegulani muwonjezere. Chosalimba kwambiri, katoniyo ilowenso mu ina yokulirapo.

Chachisanu, zamwala ndi zadongo. Nyamulani chogwira kunsi ndi manja awiri, osati pakhosi. Mwala wofewa uja wa soapstone umakalika ndi chikhadabo chomwe, ndiye mphete vulani. Zolemera pansi, pafupi ndi mutu wa lole, osasanjikapo bedi.

Inu odutsa boda, phingo analowa m'malamulo a CITES, oyang'anira malonda a nyama ndi mitengo yotetezedwa pakati pa mayiko, mu 2017, mkungudza wa ku Mulanje mu 2019, funsani za mapepala musananyamuke. Ndipo ngati mukusamukira ku Britain, mukafika chiboliboli musachiike pafupi ndi hita, mpweya wouma uja umang'amba mtengo.

Vidiyo yotsatira tikamba za fumbwe, mukaona timabowo ndi kaufa pansi pa chiboliboli musaphonye. Like, share, tionana Lachisanu!