Matailosi a ku Portugal: dzina lakuti azulejo silitanthauza buluu

Moni nonse amene mukutionera. Lero tili ku Lisbon, ku Museu Nacional do Azulejo, malo osungirako matailosi akale omwe ali m'nyumba imene kale munkakhala masisitere, ya Madre de Deus, yomwe Mfumukazi Leonor anaikhazikitsa mu 1509.

Choyamba, kapangidwe ka matailosiwa, omwe amatchedwa azulejo, mwachidule: amaumba dongo, kuliotcha mu uvuni, kulipaka utoto woyera, kujambulapo, n'kuliotchanso kuti linyezimire.

Chachiwiri, ndipo apa tcherani khutu, chifukwa bodza ili limandipweteka mtima. Anthu ambiri amanena kuti dzina lakuti azulejo linachokera ku mawu a Chipwitikizi akuti azul, kutanthauza buluu. Si zoona ayi. Dzinali ndi la Chiarabu, az-zulayj, ndipo limatanthauza kamwala kosalala. Umboni wake uli pakhoma. Matailosi amene Mfumu Manuel I anaitanitsa kuchokera ku Seville, mzinda wa ku Spain, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500, oti akakongoletse nyumba yachifumu ya ku Sintra, ali ndi mitundu yobiriwira, yofiirira ndi yonga uchi, ndipo mukawagwira mumamva timizere totukuka timene tinkatchinga utoto kuti usasakanikirane pootcha. Buluu ndi woyera zinadzalamulira mochedwa, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600, amisiri atakopeka ndi mbale za ku China ndi matailosi a ku Holland. Choncho dzina linalipo kale buluuyo asanatchuke. Ngati nanunso munkakhulupirira zimenezi, tiuzeni m'munsimu, ndipo dinani batani la subscribe kuti gawo lotsatira lisakuphonyeni.

Chachitatu, kwerani m'chipinda chapamwamba mukaone chithunzi chopangidwa ndi matailosi cha mzinda wa Lisbon chotalika pafupifupi mamita 23, chomwe chinapangidwa cha m'ma 1700. Chimaonetsa matchalitchi, madoko ndi nyumba zachifumu za m'mbali mwa mtsinje wa Tagus monga zinalili chivomezi cha 1755 chisanazigwetse, n'chifukwa chake akatswiri a mbiri yakale amachidalira kwambiri.

Chachinayi ndi pempho. Akuba amamatula matailosi m'makoma a nyumba zakale n'kukagulitsa kwa alendo m'misika, moti mu 2007 kunakhazikitsidwa ntchito ya SOS Azulejo yolimbana ndi umbavawu. Mukadzafika ku Lisbon, chonde musagule tailosi lakale lomwe kumbuyo kwake kukadali matope a khoma.