Dzanja likafa, vuto limakhala pati?

Zikomo amayi ndi abambo pobwera. Aliyense aike chala kumbuyo kwa khosi, kenako aweramitse mutu. Mwakamva kafupa kotumphukako? Timafupa totere tandondozana mpaka m'chiuno, ndipo pakati pake pali mphako. M'mphako imeneyi mumadutsa mtsempha waukulu wa msana, wofewa zedi, wotalika masentimita pafupifupi 45. Mitsempha imene ndikunena lero si ya magazi ayi, ndi yonyamula uthenga.

Mtsempha wa msanawu umachokera ku ubongo. Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi kilogalamu 1.4, ndipo muli maselo a uthenga okwana 86 biliyoni. Ziwiri zimenezi, ubongo ndi mtsempha wa msana, ndiye likulu. Kuchoka kulikuluko mitsempha imatuluka iwiriiwiri, wina kumanja wina kumanzere. Magulu 12 amatuluka mu ubongo weniweniwo, ambiri mwa iwo n'kupita kumaso, kumakutu, kumphuno, kulilime ndi kunkhope. Magulu 31 amatuluka mumsana n'kufalikira mpaka kunsonga za zala. Ina imabweretsa uthenga woti kwatentha kapena chakubayani, ina imapititsa lamulo kuminofu. Palinso ina yogwira ntchito inu osailamula, monga yoyendetsa kugunda kwa mtima, thukuta ndi matumbo.

Tsono apa nditchereni khutu. M'munsi mwa ubongo, pamene umalumikizana ndi mtsempha wa msana, mitsempha yambiri yolamula minofu imapingasana. Yochokera kumanzere imawolokera kumanja, yakumanja imawolokera kumanzere. N'chifukwa chake munthu akadwala sitiroko, magazi akasiya kufika mbali yakumanzere ya ubongo, chimene chimafa ndi dzanja ndi mwendo wakumanja. Ndipo poti mwa anthu ambiri mbali yoyendetsa kulankhula ili kumanzere komweko, mawu nawonso amasokonekera. Abale amathamangira kusisita dzanjalo, kulithowa, kuliwongola. Amachita izi chifukwa cha chikondi, ndikudziwa. Koma dzanjalo lilibe vuto. Vuto lili m'mutu, ndipo maselo akufa mphindi iliyonse. Mukaona pakamwa papotoka, dzanja likulendewera, mawu sakumveka, nyamukani nthawi yomweyo kupita kuchipatala. Musadikire kuti kuche.

Msana nawo uli ndi dongosolo lake. Pamene pavulala, zonse za m'munsi mwake zimasowa uthenga. Ukaphwanyika cha pakati, miyendo imafa, mkodzo sugwirika, koma manja amagwira ntchito. Ukaphwanyika m'khosi, manja ndi miyendo zimatha kufa zonse. Mitsempha yolamula mnofu waukulu wopumira imatulukira pa fupa lachitatu, lachinayi ndi lachisanu la khosi, choncho kuvulala pamwamba pamenepo kungathe kuimitsa kupuma. Pangozi yapamsewu, kapena wina akagwa kuchokera pamwamba n'kumadandaula khosi, chonde musamunyamule mwaphuma, wina kumapazi wina kumkhwapa mutu ukulendewera. Fupa lothyoka likasuntha lingadule mtsempha umene unali usanaduke. Mmodzi agwire mutu ndi manja awiri kuti usagwedezeke, ndipo ngati n'kofunikadi kumusuntha, mutu, khosi ndi thupi ziyendere limodzi pa chinthu cholimba.

Mayi uko afunsa za kutenga madzi a msana, zimene anthu ambiri amaziopa. Ubongo ndi mtsempha wa msana zimakutidwa ndi timaphimbi titatu, ndipo zimayandama m'madzi oyera. Tizilombo tikalowa mmenemo ndiye matenda oumitsa khosi aja, ndipo kuti adokotala adziwe mankhwala oyenera ayenera kuyeza madziwo. Kwa munthu wamkulu mtsempha wa msana umathera pa fupa loyamba kapena lachiwiri la m'chiuno, pamene thumba la madzi limapitirira kutsika. Singano imalowa m'munsi, pamene mtsemphawo unathera kale. Wodwala wanu akafunika kuyezedwa choncho, amayi, muloleni ayezedwe.