N'chifukwa chiyani ochita masewera ena amadzikodzera kapena kudziyipitsira mpikisano uli mkati?

[Pa kanema: khamu la othamanga m'misewu ya London]

Mu Epulo 2005, Paula Radcliffe anali patsogolo pa mpikisano wa London Marathon, anzake atawasiya kutali. Makilomita 42 aja atatsala pang'ono kutha, anapatukira m'mbali mwa msewu n'kunyonyomala pomwepo, anthu ali mbali zonse, makamera akuulutsa. M'mimba munali mutamupota moti sakanathanso kupirira. Anadzithandiza, anadzuka, anapitiriza, ndipo anawina pa maola 2, mphindi 17 ndi masekondi 42. Atamaliza anapepesa kwa onse amene ankaonera.

Ameneyu ndi munthu amene pa nthawiyo panalibe mkazi womuposa pa dziko lonse pa mtunda umenewu. Ndiye ngati mumaganiza kuti zoterezi zimagwera anthu ofooka kapena osakonzekera, chotsani maganizo amenewo. Gary Lineker zinamuchitikira m'bwalo pa World Cup ya 1990 ku Italy, England ikusewera ndi Ireland, ndipo chigoli cha England tsiku limenelo anagoletsa ndi iye yemweyo. Tom Dumoulin, wa ku Netherlands, anatsika njinga pa Giro d'Italia ya 2017 n'kuthamangira m'mbali mwa msewu, anataya mphindi ngati ziwiri, koma mpikisano wonsewo anawina ndithu.

Apa pali mavuto awiri, ndipo anthu amakonda kuwaphatikiza. Lina ndi la matumbo, lina ndi la chikhodzodzo. Magwero ake ndi osiyana. Tiyambe ndi matumbo.

[Pa kanema: chojambula cha thupi, mitsempha yofiira ikuchoka m'mimba kupita m'miyendo]

Magazi m'thupi mwanu ndi omwewo, sachuluka chifukwa choti mwayamba kuthamanga. Mukangokhala pa mpando, gawo lalikulu ndithu limapita m'matumbo, m'chiwindi ndi mu impso. Mukayamba liwiro, miyendo imafuna mpweya wochuluka, khungu nalo limafuna magazi kuti lichotse kutentha kudzera m'thukuta. Thupi limasankha. Mitsempha yopita m'matumbo imafinyika, ndipo pa masewera olimba kwambiri magazi opita kumeneko amatha kuchepa ndi pafupifupi 80 peresenti.

Kwa mphindi khumi, matumbo amapirira. Kwa maola awiri kapena atatu, dzuwa likuswa mtengo, madzi akuthera m'thukuta, khungu lam'kati mwa matumbo limayamba kuwonongeka. Ntchito imodzi yaikulu ya matumbo aakulu ndi kuyamwa madzi kuti chimbudzi chikhale chogwirana. Akasowa magazi, ntchitoyi imasokonekera, madzi amatsala momwemo, ndipo zotuluka zimakhala zamadzimadzi. Zikafika poipa, khungu lija limanyuka n'kuyamba kutuluka magazi.

Izi ndi zimene zinachitikira Uta Pippig wa ku Germany pa Boston Marathon ya 1996. Anathamanga akutsekula m'mimba, magazi akuyenderera m'miyendo, Tegla Loroupe wa ku Kenya ali patsogolo pake. Chakumapeto anamupitirira Loroupe n'kuwina kachitatu motsatizana. Atatero anagonekedwa m'chipatala, ndipo madokotala anapeza nthenda yotchedwa ischemic colitis, kutupa kwa matumbo aakulu chifukwa chosowa magazi. Patapita zaka 20, ku Olympics ya ku Rio mu 2016, Yohann Diniz wa ku France, katswiri woyenda ndawala makilomita 50, anali patsogolo pomwe m'mimba munamuvuta chimodzimodzi. Anagwa pamsewu, anadzuka, ndipo anamaliza pa nambala 8. Anthu ambiri amamutama kuti ndi wolimba mtima. Ine ndikaona zithunzi zake ndimaona munthu wodwala amene akanatha kufera pamsewupo, ndipo sindingamuuze mwana wa munthu kuti atengere chitsanzo chimenecho.

Kusowa magazi si zokhazo. Wothamanga amagunda pansi kambirimbiri, ndipo pa phazi lililonse matumbo amakhutchumuka. N'chifukwa chake vutoli limavuta othamanga kuposa opalasa njinga kapena osambira. Onjezerani mantha a mpikisano. Aliyense amene analembapo mayeso akudziwa mmene m'mimba mumachitira belu lisanalire, ndipo pa malo oyambira mpikisano mzere wa kuchimbudzi umatalika pa chifukwa chomwecho. Onjezeraninso zakumwa zotsekemera kwambiri zimene othamanga amamwa kuti apeze mphamvu. Shuga akachuluka kuposa mmene matumbo angayamwire, amakokera madzi m'matumbomo.

Nanga bwanji munthu sangathe kungogwira mpaka akafike? Kotulukira chimbudzi kuli minyewa iwiri yozungulira. Wam'kati simuulamulira inu. Chimbudzi chikangofika pafupi, umamasuka wokha. Wakunja ndi umene mumafinya mwadala, koma suchedwa kutopa. Chimbudzi cholimba ungachigwire kwa kanthawi. Chamadzi, munthu ali pa liwiro, atatopa thupi lonse, sizitheka.

[Pa kanema: mtsikana akudumpha kulanda mpira, kenako munthu akunyamula zitsulo ku jimu]

Tsopano za mkodzo. Nkhani iyi siimveka kawirikawiri pa wailesi, chifukwa siioneka pa kamera, koma ndi imene imagwira anthu ochuluka, makamaka amayi ndi atsikana.

Pansi pa chiuno, kuchokera ku fupa la pachinena mpaka ku kafupa kothera msana, pali minyewa yoyalana. Ili ngati chitenje choberekera mwana: chimanyamula kulemera kuchokera pansi, ndipo chikamasuka mwana amatsetsereka. Pamwamba pake pakhala chikhodzodzo, matumbo, ndipo kwa amayi, chiberekero. Mukatsokomola, mukayetsemula, mukadumpha n'kutera, zonse za m'mimba zimakankhira pansi. Minyewa ija imayenera kugwira pa nthawi yomweyo, n'kutseka njira ya mkodzo. Kukankhako kukaposa mphamvu yake, kapena ikachedwa pang'ono chabe kugwira, mkodzo umadontha. Nthawi zina ndi timadontho, nthawi zina mpaka kabudula kunyowa.

Onyamula zitsulo amadziwa bwino zimenezi. Pofuna kunyamula cholemera, munthu amakoka mpweya, n'kuugwira, n'kulimbitsa mimba kuti msana usapindike. Ena amamanganso lamba wachikopa. Msana umatetezekadi, koma mphamvu yonseyo imatsekeredwa m'mimba: pamwamba mpweya watseka, m'mbali lamba wagwira, kotsala ndi pansi pokha. Ndiye muona munthu wamphamvu zake, akukweza makilogalamu oposa thupi lake, pansi pakudontha. Nthawi zina pamathawa ndi mpweya woipa, kapena chimbudzi chimene.

Amayi zimawachitikira kwambiri chifukwa cha mmene thupi linapangidwira. Njira ya mkodzo ya mkazi ndi yaifupi, pafupifupi masentimita 4, pomwe ya mwamuna ndi pafupifupi 20. Mimba ndi kubereka zimatamula minyewa ija, ndipo munthu akasiya kusamba imafookanso. Abambo nawo zimawagwera, makamaka amene anachitidwa opaleshoni ya prostate, kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo.

Koma musafulumire kunena kuti ndi za ntchembere. Ku Sweden, mu 2002, ofufuza anafunsa atsikana 35 akatswiri odumpha pa trampoline, chinsalu chokungika pa masipuling'i chimene chimaponya munthu m'mwamba. Onse anali asanaberekepo, ambiri a zaka za m'ma 15. Mwa iwo, 80 peresenti anati mkodzo umawadontha akamachita masewerawo. Ana athanzi, olimba kuposa ine ndi inu. Kudumphako kunkangoposa zimene minyewa ya pansi ingagwire. Ndiye ganizirani za mpira wamanja kwathu kuno, momwe mtsikana amadumpha, kutera, kuima mwadzidzidzi, pabwalo la simenti kapena la dothi louma gwa, atavala siketi yaifupi, sukulu yonse ikuonerera. Amene zamuchitikira sauza aphunzitsi. Amangoti bondo likupweteka, sabata yamawa osabweranso.

Ndipo pali njira ina imene ambiri amadzipezera okha, imene ndimadana nayo kwambiri: kusiya kumwa madzi tsiku la masewera. Zimaoneka zanzeru, poti chikhodzodzo chikhala chopanda kanthu. Koma mkodzo ukachepa umakhala wachikasu kwambiri ndi woyabwa m'chikhodzodzo, n'kumakupangitsani kumva mkodzo pafupipafupi. Chinanso, thupi likauma magazi opita m'matumbo amachepa kuposa kale. Mwathawa vuto la kutsogolo, mwaitana la kumbuyo, ndipo pa kutentha kwa Okutobala mukhoza kukomoka.

[Pa kanema: wofotokoza ali pa mpando, akuyang'ana kamera]

Chochita chilipo. Minyewa ya pansi pa chiuno imalimba mukaiphunzitsa, ndipo njira yake inatchuka ndi dokotala wa amayi wa ku America, Arnold Kegel, mu 1948. Yesani pomwe mwakhalapo. Finyani kunsi ngati mukugwira mpweya woipa pagulu, kenako kokerani m'mwamba ngati mukuimitsa mkodzo. Matako asalimbe, ntchafu zisapanane, ndipo pitirizani kupuma. Gwirani masekondi angapo, kenako masulani kotheratu. Kumasulako n'kofunika mofanana ndi kufinya. Bwerezani kakhumi, katatu pa tsiku, ndipo musayembekezere kusintha mawa. Zimatenga miyezi itatu kapena kuposa. Musazolowere kuyesera pamene mukukodzadi, chifukwa chikhodzodzo chimazolowera kusatulutsa mkodzo wonse.

Mukazidziwa, muzifinya musanadumphe, musananyamule, ngakhale musanayetsemule. Onyamula zitsulo yesani kutulutsa mpweya pang'onopang'ono pamene mukukweza, m'malo mougwira mpaka maso kutong'oka, ndipo tsitsani kulemera kufika pamene sipakudontha, muzikwera kuchokera pamenepo. Pali ena, makamaka akatswiri, amene minyewa yawo si yofooka koma ndi yokungika kwambiri moti sikumasuka. Kwa amenewa kufinyafinya kumangowonjezera vuto. Ngati miyezi ikupita osasintha, kapena mukumva kupweteka kunsi, kaonaneni ndi a physiotherapy.

Za matumbo, nkhani yagona pa chakudya ndi nthawi. Nyemba, mgaiwa, masamba ambiri, mtedza, zonsezi ndi zakudya zabwino masiku onse, koma dzulo la mpikisano wautali zimasiya zambiri m'matumbo. Tsiku limenelo nsima ya ufa woyera kapena mpunga ndi ndiwo zosachuluka mafuta ndi tsabola zimakhala bwino. Ngati mkaka umakuvutani m'mimba, mukudziwa kale. Idyani maola atatu musanayambe, kuti mupeze mpata wopita kuchimbudzi. Khofi amafulumizitsa matumbo, ndiye ngati mumamwa, imwani molawirira. Chakumwa kapena chakudya chimene simunachiyesepo pokonzekera musachiyambire tsiku la mpikisano, ngakhale akugawa chaulere m'njira. Matumbo amazolowera kulandira zinthu munthu ali pa liwiro, koma amazolowera pang'onopang'ono.

Ndipo chonde, Brufen. Anthu ambiri amamwa asanayambe kuti miyendo isawawe. Mankhwala a mtundu umenewu amawononga khungu lam'kati mwa matumbo, lomwe lija likusowa kale magazi, ndipo amalemetsa impso pa nthawi imene thupi lauma. Ena amamwanso mankhwala oletsa kutsekula m'mimba asanathamange. Amenewo funsani kaye achipatala.

Pomaliza, pali zizindikiro zimene si za masewera chabe. Magazi m'chimbudzi, chimbudzi chakuda bii, kutsekula m'mimba kopitirira masiku angapo, kapena kuonda popanda chifukwa, pitani kuchipatala. Mkodzo wofiirira kwambiri pambuyo pa masewera olimba, minyewa ikuwawa modabwitsa, ukhoza kusonyeza kuti minyewa yawonongeka ndipo impso zili pangozi. Magazi mumkodzo, makamaka ngati mumasamba kunyanja kapena m'madambo, kayezetseni likodzo. Mayi amene mkodzo kapena chimbudzi chimangotuluka usana ndi usiku kuyambira pamene anabereka movutikira, ngakhale atangogona, ameneyo vuto lake silikukhudzana ndi kudumpha. Akhoza kukhala ndi fistula, kubooka kwa njira ya chikhodzodzo kapena ya chimbudzi, ndipo imachizika ndi opaleshoni. Ku Bwaila mu Lilongwe kuli malo othandizira zimenezi.

Chachangu kuposa zonse ndi ichi. Ngati mwanyamula cholemera, kaya ndi chitsulo ku jimu kaya thumba la feteleza, msana n'kupweteka kwambiri, kenako mukumva dzanzi pakati pa miyendo ndi m'matako, miyendo ikufooka, mkodzo ukukanika kutuluka kapena ukutuluka osaumva, ndiye kuti mitsempha ya kumapeto kwa msana ikhoza kukhala itapanikizika. Madokotala amati cauda equina syndrome. Ikachedwa kuthandizidwa, munthu amatha kukhala wosagwira mkodzo ndi chimbudzi moyo wake wonse. Zikatere musathire mankhwala opaka, musadikire kuti kuche. Pezani galimoto mupite kuchipatala chachikulu nthawi yomweyo.